Chaka Chimene Mnzanga Anakana Kumeta

Mdzukulu wanga amene akuphunzira ku yunivesite anandifotokozera tsiku lina kuti kusukulu kwawo kuli chipinda chimene wophunzira wolemedwa ndi maganizo amakalowamo, ndipo aphungu, achipatala ndi ophunzira anzake amathandizana kumudzutsa. Ankayankhula ngati wanditulukira chinthu chachilendo, monga achitira ana a masiku ano amene amayesa kuti ife tinabadwa ndi imvi. Ndinamusiya amalize. Kenako ndinamuuza kuti ifenso tinachitapo zimenezo, kungoti chipinda tinalibe, ndipo tinachedwa nazo mpaka tinatsala pang'ono kutaya munthu.

Zinali zaka zimene akuluakulu ankakangana za Chitaganya, mgwirizano wa maiko atatu umene atsamunda anatikakamiza. Ine ndinali kuphunzira uphunzitsi pa mishoni ina kwathu ku Chiradzulu, pamene tchalitchi, sukulu ndi chipatala zinali moyang'anana. M'nyumba yathu yogona, bedi loyandikana ndi langa linali la mnyamata wa ku Kadewere. Anali wolongolola kwabasi, wokonda kutsutsa, ndipo masamu amene ife tinkatuluka nawo thukuta iye ankawawerengera akuimba mluzu. Ansembe amene ankayang'anira sukuluyo, mzungu wamtali wa Chinyanja cha m'buku, anali atamusankha kale kuti adzapite ku yunivesite kunja, poti kwathu kuno kunalibe. Ife tinkamuchitira nsanje poyera, iye n'kumatiseka poyeranso.

Bambo ake anali Myao wachisilamu, telala wa pakhonde la sitolo ku Namitambo. Mayi ake anali Mlomwe wachikatolika, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti mwana aphunzire pa mishoni. Ankabwera kudzamuona wapansi kuchokera ku Kadewere atasenza chinangwa chophika ndi nandolo, ndipo sankabwerera asanatiyang'ane m'makutu tonse a m'nyumbamo ngati mwasambidwa. Ndinkawakonda mayi aja, ngakhale ankanditchula kuti wamakutu akuda.

Anamwalira mwadzidzidzi nthawi ya dzinja, sabata imene mnzangayo ankalemba mayeso omusankhira kunja aja. Bambo ake anaganiza zomubisira mpaka amalize kulemba. Sanali oyamba kutero. Kwathu munthu wakutali tinkangomuuza kuti kunyumba kuli matenda, enanso osawauza n'komwe. Anabwera kudzamutenga mayeso atatha, maliro ataikidwa kale. Mnzangayo anapita, n'kubwerera sabata yomweyo. Tinamupepesa monga mwa mwambo, iye n'kuyankha bwinobwino, ndipo tonse tinati mwamuna uyu ndi wolimba mtima.

Pasukulupo panali lamulo lakuti Loweruka aliyense amete. Mmeti wa nyumba yathu ndinali ine, ndipo ntchitoyo ndinkanyada nayo, chifukwa seda imene ndinkaidula ine inkaoneka ngakhale munthu ali kutsidya kwa bwalo la mpira. Loweruka loyamba mnzangayo anati mutu ukumuwawa. Lachiwiri anangozemba. Lotsatira ndinamuitana pamaso pa anthu, iye anangondiyang'ana n'kutembenuka. Zinandipweteka, sindibisa. Ndinkaganiza kuti wayamba kudziona ngati wa kunja kale, ndipo sizasi ya ku Chiradzulu siyimukwananso.

Koma tsitsi silinali lokha. Kulongolola kuja kunatha. M'kalasi ankangokhala maso ali pawindo, choko akamupatsa n'kuchibweza. Chakudya ankangochitosa n'kukankhira mbale kwa ine, ndipo ine, amene sindinakanepo chakudya cha munthu, ndinafika pochita nacho mantha. Anaonda mpaka kabudula ankamumanga ndi luzi. Tsitsi lija linakula n'kupotana, osalipesa, ndipo ana a ku pulayimale anayamba kumuloza akamadutsa.

Aliyense anayesa kumuthandiza, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa mpaka lero, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe woipa mtima. Ansembe ankamuitanira ku ofesi, kupemphera naye, n'kumukumbutsa za mwayi umene unali kumudikira. Anamwino a pachipatala, mayi wamkulu wa ku Magomero amene tonse tinkawatchula kuti Anesi, anamumwetsa kwinini poganiza kuti ndi malungo obisala, kenako mankhwala ogonetsa. Bambo ake anabwera ndi kachithumwa kolembedwa ndi ashehe, kosokedwa bwino ndi manja awo a utelala, n'kumumanga pamkono. Ansembe atakaona anakwiya n'kulamula kuti kachotsedwe. Bambo aja atamva anakwiya nawo, n'kunena kuti mwana wawo wamupengetsa ndi mabuku a azungu. Ife anzake mankhwala athu anali chipongwe, poti ndi chimene tinkachidziwa: tinkamuseka, kumukoka ku mpira, kumuimbira nyimbo zomunyogodola kuti mwina akwiye n'kuyankha. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga tonse tinkaudziwa, tinkaulembanso pamayeso, koma aliyense ankafuna kulisenza yekha dengalo kuti ena aone.

Loweruka lina wamkulu wa ophunzira anatopa nazo. Analamula anyamata amphamvu kuti amugwire, ine ndimumete. Sizasi itangomukhudza, munthu woonda uja anapeza mphamvu zimene sitinadziwe kumene zinachokera. Anawataya onse, n'kundimenya chibakera pakamwa, ndipo anakuwa mawu amodzimodzi mobwerezabwereza mpaka mawu anamuthera. Madzulo ake pamishoni ponse nkhani inali imodzi, yakuti mwana wa ku Kadewere wazungulira mutu. Ansembe anagamula kuti lole ya mishoni ikamadzapita ku Zomba, imutenge akagonekedwe ku chipatala cha amisala. Masiku amenewo tikamva kuti munthu wapita ku Zomba tinkangomuwerengera ngati watayika, ndipo za sukulu n'zosakambanso. Mlomo wanga unali wotupa, koma nditamva zimenezo ukali wonse unandithera.

Chimene chinatisonkhanitsa sichinali nzeru ya munthu. Anesi anakana kuti mwana akwere lole kholo lake lisanavomere pamaso pawo, choncho anatuma uthenga ku Namitambo. Bambo aja anafika m'mawa pa njinga yawo yakapalasa, atavala mkanjo ndi kofia, nkhope ili gwa. Ansembe anabwera kuchokera ku ofesi. Ine anandiitana ngati mboni, poti chibakera chinatera pa ine. Tinakhala pakhonde la chipatala, pa benchi limene amayi oyembekezera ankadikirirapo sikelo, ndipo kanali koyamba kuti anthu anayi amene tinkavutika ndi munthu mmodzi tikhale pamodzi.

Poyamba inali mikangano yokhayokha. Bambo aja anati, "Mwanayu ndinakupatsani ali bwinobwino, akuseka. Lero mukuti ndimuperekeze ku Zomba?"

Ansembe anati, "Ife tachita zonse zimene tingathe. Koma zithumwa sizichiritsa munthu."

"Nanga mapemphero anuwo amuchiritsa?"

Anesi anawasiya pang'ono, kenako anagogoda benchi ndi chikhatho. "Abambo, ndi inu achimwene, odwala anga akumva. Zimene aliyense akuganiza tazimva, ndipo sizikutifikitsa kulikonse. Tiyeni aliyense anene chimene anaona ndi maso ake kapena kumva ndi makutu ake, basi. Ndiyamba ine. Mwanayu malungo alibe, ndinalakwitsa. Ndikamufunsa chikumuwawa n'chiyani, amati sakudwala, akungodikira. Ndikati ukudikira chiyani, sayankha."

Ansembe anapukuta magalasi. Kenako anati atangobwera kumene kuchokera kumudzi, mnyamatayo anawapempha Misa ya mayi ake, ndipo inachitika. Itatha anawatsatira n'kuwafunsa ngati maliro atha tsopano. Iwo anamuyankha kuti inde, mayi ake ali m'manja mwa Mulungu, abwerere ku mabuku. "Anandiyang'ana ngati ndamunamiza," anatero ansembe. "Sindinamvetse."

Itafika nthawi yanga ndinanena zimene ndinkaona monga wogona naye pafupi. Ndinati amisala amene ndinawaonapo pamsika sasamba, koma uyu amasamba tsiku lililonse, malaya amachapa, bedi amayala kuposa ine. Chimene sakhudza ndi mutu wokha. Anesi anandifunsa mawu amene ankakuwa tsiku lija. Ndinawauza kuti ankati, "Si iwe, si iwe." Ndinawonjeza, mlomo ukundikumbutsa, kuti sindinadziwe mmeti wina woposa ine amene ankamufunayo.

"Nanga inu achimwene," anatero Anesi, "tsiku limene munapita naye kumudzi, munaona chiyani?"

Bambo aja anafotokoza pang'onopang'ono, Chinyanja chawo chikukokera ku Chiyao. Anati anafika ku Kadewere masana, anthu ali kumunda kupalira, poti maliro anali atatha ndipo udzu sudikira. Kunalibe wolira. Anamuonetsa manda. Pobwera kumanda anapeza achibale a mayi ake abwera kumunda, azing'ono ake, alongo ake, mayi ake aang'ono. Apa bambo aja anaima, n'kuvula kofia, n'kuiyang'ana.

"Onse anali ndi mipala," anatero. "Mpaka kamwana koyamwa. Iye yekha ndiye anali ndi seda yake ya kusukulu. Anakhala pakati pawo ngati mlendo wodzagula nkhuku."

Ine ndinamva manyazi otentha, chifukwa ndine Mlomwe, ndipo ndinametedwapo pa maliro a agogo anga ndi a mlongo wanga. Kwathu maliro sathera kumanda. Amatha tsiku limene abale amasonkhana, wamkulu wa kuchikazi n'kuwameta onse, ndipo kuyambira pamenepo munthu amaloledwa kuseka, kupita kumunda, kukhalanso munthu. Anesi ankadziwa zimenezo, inenso ndinkazidziwa. Koma ife tinalibe nkhani ya mipala ija, ndipo amene anali nayo, bambo ake, kwawo maliro amawatsiriza ndi sadaka, ndiye sanaone chosowa. Achibale a kuchikazi anali atakwiya ndi kubisa kuja, osayankhulana ndi bambowo, ndipo anayesa kuti mwana wa pa mishoni zakumudzi anazisiya. Ansembe anali ndi funso lija koma analibe mwambo. Mwana anagwera pakati pa tonsefe.

"Mwanayu sanamete maliro a mayi ake," anatero Anesi motsitsa mawu.

Ansembe anayamba kunena kuti mpingo sulimbikitsa miyambo yotere. Anesi, amene anali Mkatolika woposa tonsefe, anawayankha mwaulemu kuti iwo sakupempha mpingo kuti umete munthu, akungopempha kuti lole idikire. Anawonjeza kuti mwina tikulakwitsanso, monga analakwitsira ndi kwinini, ndipo njira yodziwira ndi imodzi, kumufunsa mwiniwake, chinthu chimene pa miyezi yonseyo palibe anachichita bwino. Tonse tinkamuuza zochita.

Ndinapita kukamutenga. Anabwera mosakana, n'kukhala kumapeto kwa benchi, maso pansi. Ndinkayembekeza kuti Anesi ndiwo ayambe, koma anayamba bambo ake. Anatsika pabenchi n'kukhala pansi pa simenti, munthu wamkulu ndi mkanjo wake woyera, kuti aone nkhope ya mwana wawo.

"Mwanangu, ndinakubisira maliro a amako. Ndinkati ndikukusungira sukulu. Ndinalakwa. Tsono tiuze, ukudikira kumeta?"

Mnzangayo anawayang'ana, ine n'kuyamba kuganiza kuti taphonyanso. Kenako anayankhula, mawu ali okhakhala chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

"Ababa, munandisiya kunja. Onse analira, ine ndikulemba masamu."

Sananene zambiri kuposa apo, koma zinakwana. Pakhonde pomwepo tinagawana ntchito. Bambo ake anati apita okha ku Kadewere akapepese kwa alamu awo ndi kupempha tsiku. Ansembe anati lole ipita yopanda iye, ndipo amupumitsa maphunziro mpaka atapeza mphamvu. Za kachithumwa anati sadzayang'ananso pamkono pa munthu. Anesi anati azibwera kwa iwo madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, osati kudzamwa mankhwala koma kudzakhala, ayankhule kapena asayankhule. Ine ananditumiza kwa anzanga kuti chipongwe chithe, ndipo tizisinthana kudya naye ndi kuyenda naye. Tinapangananso kuti tizikumana pabenchi lomwelo Lamlungu lililonse Misa ikatha, iye ali pomwepo, kuti wina asayambenso kuchiritsa yekha.

Ndisanamize munthu kuti anachira tsiku limodzi. Zinatenga miyezi, ndipo panali masabata ena amene ankabwerera m'mbuyo, ife n'kuyambiranso. Mwayi wa kunja chaka chimenecho unamudutsa, anadzapita chaka chinacho, ndipo anabwerako n'kuphunzitsa ana ambiri kuposa amene ndinaphunzitsa ine. Ku Zomba anadzapitako ali bambo wa ana, kukaona achibale. Benchi lija silinathenso ntchito, chifukwa pambuyo pake panakhalapo anyamata ena, wina wolephera mayeso, wina wokanidwa ndi mkazi, ndipo tinali titaphunzira kuitana anthu onse msanga. Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi limene tinapita ku Kadewere.

Tinanyamuka m'mamawa wapansi, iye ndi ine, bambo ake akukankha njinga pambali pathu. Chimanga chinali chitayamba kucha. Njira yonse sanayankhule, ndipo ine, amene pakamwa panga sipakhala phee, ndinadzigwira mpaka nsagwada zinandiwawa. Titafika tinapeza achibale asonkhana pabwalo. Tsitsi lawo linali litameranso kale. Mayi ake aang'ono, mng'ono wa malemu, anatuluka m'nyumba, ndipo atamuona mmene anaondera ndi tsitsi lija, anagwira pamutu n'kuyamba kulira maliro, kulira kwenikweni kotchula dzina, ngati mtembo uli m'nyumba. Amayi ena anawalandira. Anthu amene anali atalira kale n'kumaliza analiranso kuti iye asalire yekha.

Anamukhazika pamphasa. Bambo ake, Msilamu amene mwambowu sunali wake, ndiwo anagwira beseni la madzi. Mayi aang'ono aja ananyowetsa mutu n'kuyamba kumeta ndi lumo, pang'onopang'ono, akumuyankhula ngati mwana wakhanda. Kumeta kwake, ndinene monga mmisiri, kunali koipa, mizere yokhotakhota ndi timabala. Tsitsi loyamba litagwera pamphasa, mapewa a mnzanga anayamba kugwedezeka, kenako analira mokweza, kuitana mayi ake, ndipo palibe amene anamuletsa. Inenso ndinalira, osabisa nkhope.

Atamaliza, mayi aja anandiloza ndi lumo. "Iwe ndiwe uja wamakutu akuda? Achemwali ankakutchula. Chinangwa chawo unkadya nawo, khala pansi."

Ndinakhala, ndipo seda yanga, imene ndinkaisamala kuposa mabuku, inapita.

Ansembe anafika pa njinga yamoto tili mkati mometa. Anaima patali pansi pa mtengo, n'kuchita chidwi chachikulu ndi mbuzi imene inamangidwa pamenepo, mpaka lumo litabwerera m'nyumba. Kenako tinapita tonse kumanda. Iwo anapemphera pemphero lawo ife n'kuyankha, ndipo bambo aja anaima pambali atatambasula zikhatho, milomo ikuyenda m'chinenero cha mapemphero awo. Palibe anasokoneza mnzake.

Tinabwerera madzulo awiriwiri, poti bambo ake anakhotera ku Namitambo. Dzuwa linkatiwotcha mipala, ndipo ine ndinkangodzigwira kumutu, kudandaula mumtima. Ndinatopa, ndinayamba kutsalira. Pa chitunda china iye anaima n'kundidikira, ndipo nditamupeza ndikupuma wefuwefu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukuyenda ngati wadya miyala," anatero. "Amayi ankakwera pano atasenza dengu, osaima."

Ndinati ndikudziwa, ankayenda msanga.

"Sukudziwa iwe. Tsiku lina ndili wamng'ono anandibereka kuchokera kuno mpaka kuchipatala, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza."

Ndinamufunsa kuti anawoloka bwanji. Anayamba kufotokoza, ndipo atamaliza imeneyo anayamba ina, ya mmene ankakanganirana ndi ogula nandolo, ndi ina ya tsiku limene anamukwapula chifukwa choba nzimbe. Pena ankaseka, pena ankapukuta m'maso, n'kupitiriza. Ine ndinangoyenda pambali pake ndikumvetsera, ndipo pamene denga la tchalitchi linaonekera patsogolo pathu, anali asanamalize kundiuza za mayi ake.